Nkhope Yobiriwira

Ndinakankha chitseko ndi phewa, m'manja muli mbale ya chakudya cha bambo, ndipo choyamba kuchiona chinali nkhope ya amayi pathebulo. Maso anali awo enieni. Mphuno, kachipsera ka pachibwano, ngakhale kapendekedwe ka mutu kamene ankachita akafuna kukutsutsa, zonse zinalipo. Koma khungu lonse, kuchokera pamphumi mpaka m'khosi, linali lobiriwira ngati tsamba la nthochi.

Bambo anali atawerama, akupaka tsaya lachiwiri mosamala.

"Wabwera, mama? Taona. Akufanana, eti?"

Mbale ija ndinaiika pampando.

Bambo anali wojambula nkhope za anthu. Moyo wawo wonse anauthera m'kachipinda kameneka, kuseri kwa shopu yokonza mawotchi, akujambula akwati, makanda ndi malemu pogwiritsa ntchito mapensulo a mitundu. Amayi ankakhala kumanzere kwawo, chitini cha mapensulo chili pamiyendo. Bambo akangotambasula dzanja, amayi ankaikamo pensulo. Kunena zoona, ine zinkandinyansa. Munthu wamkulu, manja awiri alipo, koma kuchita kupatsiridwa zida ngati dokotala wa opaleshoni!

Amayi atamwalira zinthu zinayamba kupindika. Bambo ankavala masokosi osiyana. Ankabwera kuchokera kumsika ndi tomato wosapsa n'kumalimbikira kuti wapsa. Achimwene, omwe amakhala kutali ndipo ndi munthu waphuma, atamva zimenezi anagamula pafoni pomwepo kuti mutu wa bambo wayamba kusokonekera, awatenga akakhale nawo, kachipindaka tikabweze kwa mwini wake. Ine ndinakana. Ndinkadziwa kuti bambo ukawachotsa pathebulo limenelo wawaika m'manda ali moyo. Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti achimwene abwere adzadzionere okha. Bambo atamva anati, "Abwere. Adzaone chithunzi cha mayi wake, ndiye adzanene ngati ndapenga."

Tsiku lake linali limenelo, ndipo achimwene anali kale m'njira.

"Bambo," ndinatero, "pensulo mwagwirayo ndi ya mtundu wanji?"

"Funso lanji limenelo? Ndi ya khungu."

"Mtundu wake, bambo."

Dzanja linaima. Anaikweza pensulo ija n'kuiyang'ana, koma chala chawo chachikulu chinkayenda kumapeto kwake, kusisita ngati chikufunafuna chinthu chimene chinayenera kukhalapo.

"Si yakhofi?" Mawu awo anachepa ngati a mwana.

"Ndi yobiriwira."

Anayang'ana nkhope ya amayi nthawi yaitali. Kuseri kwa khoma mawotchi ankangogunda. Ine mantha anandigwira, ndinaganiza kuti achimwene ankanena zoona.

"Sindinapenge," anatero bambo, osandiyang'ana. "Ndinabadwa choncho. Chofiira, chobiriwira, chakhofi, kwa ine ndi ana a mimba imodzi. Mayi ako anatulukira tisanakwatirane. Ndinawajambulira duwa, masamba ake ofiira, duwalo lobiriwira. Anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anatenga pensulo yofiira n'kuiluma."

"Kuiluma?"

"Yofiira ankailuma kamodzi kumapeto. Yakhofi kawiri, ikakhala yoderapo ankaluma mozama. Yobiriwira ankaisiya yosalala. Akakhala pambali pangapa ankandisankhira okha, akachokapo chala changa chinkawerenga mano awo."

Ndinayang'ana pathebulo. Chitini chija panalibe. Panali bokosi lalikulu latsopano, mapensulo ali ndandanda, onyezimira, opanda dzina lililonse lolembedwapo. Ndinakumbukira kuti maliro atatha achimwene anasesa kachipindaka, n'kutaya tizidutswa tonse ta mapensulo akale, akuti tinadyedwa ndi makoswe. Bokosili anagula okha, mphatso yopepesera bambo.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti munthu amene ntchito yake yapachikidwa m'makoma a anthu saona mitundu? Kuti theka la chithunzi chilichonse linali la mayi ako, ine n'kumalandira ulemu ndekha? Bola andiyese wamisala." Anandigwira pamkono mwamphamvu. "Usamuuze. Lumbira, mama."

Ndinalumbira, chifukwa zala zawo zinkandipweteka, komanso chifukwa sindinawaonepo bambo akupempha kanthu kwa mwana wawo. Ndisanamalize n'komwe, hutala ya galimoto inalira panja.

Ndinatola nyuzipepala kuti ndiphimbe chithunzicho, koma achimwene sagogoda. Analowa makiyi akulira m'manja, anapereka moni kwa bambo, kenaka maso awo anagwera pa ngodya ya pepala imene inatsala poyera. Anachotsa nyuzipepala ija pang'onopang'ono.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pampando wa amayi n'kugwira kumaso.

"Achemwali," anatero pamapeto pake, "mwaona nokha. Kodi tidikire mpaka adzamwe mankhwala olakwika? Longedzani zovala zawo. Tinyamuka lero."

"Achimwene, taimani kaye."

"Ndiime chiyani? Amayi athu awa? Awa?" Analoza nkhope ija. Kenaka anatembenukira kwa bambo, mawu atafewa, ndipo kufewako n'kumene kunandipweteka kwambiri. "Bambo, tandipatseni pensulo yofiira m'bokosimo. Imodzi yokha. Mukandipatsa, ndibwerera ndekha."

Bambo anayang'ana bokosi lija. Dzanja lawo linayenda pamwamba pa mapensulo, uku ndi uku, osatera paliponse. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu. Ndinaona kuti asankha kukhala chete, alola kukwera galimoto ngati wodwala kusiyana n'kutsegula pakamwa. Mkwiyo unandikwera, pa iwo, pa achimwene, ngakhale pa amayi omwe anapita ndi chinsinsi chonse osandisiyirako. Pakamwa panga panali pomangidwa ndi lumbiro. Koma ndinalumbira za mawu, sindinalumbire za mano.

Ndinakoka bokosi lija. Ndinatenga pensulo yofiira, ndinailuma kumapeto mpaka utoto unasweka, kukoma kwa thabwa kunadzaza m'kamwa. Ndinatenga yakhofi, ndinailuma kawiri.

"Nanunso mwayamba?" anatero achimwene. "Mukutani?"

Ndinakhuthulira mapensulo onse pathebulo, ndinawasakaniza ndi manja awiri, n'kuwakankhira kwa bambo.

Bambo anandiyang'ana ndi diso loti wandipereka. Ine ndinawayang'ananso osaphethira. Kenaka chala chawo chija, ngati chili ndi nzeru zakezake, chinayamba kuyenda kumapeto kwa mapensulo, imodzi imodzi. Chinadutsa yobiriwira. Chinadutsa yabuluu. Chinaima. Bambo anainyamula pensulo yofiira n'kuiika m'dzanja la achimwene.

Achimwene anaiyang'ana, anayang'ana malo amene ndinalumawo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Iwo ndi amene ankakwapulidwa ali mwana chifukwa chotafuna mapensulo a kusukulu, n'kumadandaula kuti nanga amayi bwanji amatafuna a bambo ndipo palibe amawakwapula. Iwo ndi amene ankawaseka amayi kuti milomo yawo ili ndi utoto.

"Tomato uja," anatero motsitsa. "Masokosi aja."

"Sindiona mitundu, mwana wanga," anatero bambo. Anawongola msana ponena zimenezi. "Sindinaionepo. Ankandionera ndi mayi ako."

Kenaka achimwene anafunsa funso limene ndinkaopa kuti afunsa.

"Tizidutswa tija ndinataya tija... sanali makoswe?"

Achimwene anadzuka, anatuluka, ndipo tinawamva akutsegula chivindikiro cha bini ya kuseri, ngakhale ankadziwa bwino kuti zinyalala za nthawi ya maliro zinapita kalekale. Anakhalako kanthawi. Pobwera maso anali ofiira, makiyi a galimoto anawasiya pawindo.

Anakokera mpando wa amayi kumanzere kwa bambo, anakhala, n'kutola pensulo imodzi pamulu paja.

"Yobiriwira ankailuma kangati?"

"Yobiriwira sankailuma," anatero bambo. "Yakhofi yodera ndiye kawiri, mozama."

Achimwene anaiika pambali, anatola yakhofi yodera, anaiika pakati pa mano n'kuluma kawiri, mozama. Bambo anatenga pepala latsopano, analisalaza ndi chikhatho, ndipo osayang'ana kumbali anatambasula dzanja. Pensulo inagwera m'dzanjamo. Chala chawo chinasisita malo olumidwawo, chinabwerezanso.

"Mano ako ndi aakulu," anatero. "A mayi ako anali ang'onoang'ono, ndipo pakati panali mpata."

Anawerama n'kuyamba kujambula mphumi.