Mavidiyo a Amayi mu Kompyuta Yakale

Ndinali kusita malaya oyera a apongozi anga aamuna pamene amuna anga anaima pakhomo la chipinda, kachingwe kali m'manja, nkhope itagwa.

"Mayi, taimikani simbiyo."

"Kwagwanji a Injiniya? Magetsi akugwirani?" Dzinali anawapatsa ndi bambo awo, poti ntchito yawo ndi yolumikiza makompyuta ku ma TV m'nyumba za anthu.

"Mavidiyo a amayi afufutika. Onse."

Apongozi anga aakazi anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Mawu awo anatsala m'mavidiyo asanu okha, mu kompyuta yakale ya pabalaza. M'menemo ankaimba mukwaya, ankaseka pa ukwati wathu, kwina ankakalipira wojambula kuti awasiye adye. Bambo, maso awo atachita ng'ala, ankangomvetsera mawuwo m'mawa uliwonse. Dzulo lake anali atachitidwa opaleshoni, ndipo alamu anga anali atapita kukawatenga kuchipatala. Popita kuchipatalako, bambo anapempha chinthu chimodzi: "Akandimasula m'masomu, ndidzayambe ndaona amayi anu pa TV yaikuluyo, osati nkhope zanuzi."

Nchifukwa chake amuna anga analawirira. Anapachika TV kukhoma, masipika awiri anawaika pafupi ndi mpando wa bambo, zingwe anaziyendetsa m'mphepete mwa khoma kuti achikulire asamapunthwe. Pa rimoti anamata kapepala kofiira pa batani loyatsira. Kenako anayamba kuika pulogalamu yatsopano mu kompyuta ija kuti izionetsa makanema ndi nyimbo za pa intaneti. Kompyuta inafunsa ngati ifufute zonse zam'kati. Anavomera.

"Kwa makasitomala ndimayamba ndakopera zonse kawiri," anatero. "Kawiri, mayi! Kwathu kuno ndinangoti zili pa fulashi. Ndatsegula fulashiyo, muli zithunzi za ukwati wa eni ake. Ndinaiwala kuti ndinafufutamo zonse nkuikamo zina mwezi watha."

Anabwerera pabalaza kukayesa kubweza mavidiyowo. Ine ndinaimbira achemwali awo, alamu anga aja, kuwafunsa ngati mavidiyowo ali nawo.

"Mlamu, foni munali zimenezo ija inagwera m'beseni kalekale. Bwanji, achimwene atani?"

"Palibe," ndinatero, nkudula.

Amuna anga ndinawapititsira tiyi, anazizira pomwepo. Pa TV pankangotuluka tizidutswa tobiriwira, opanda nkhope, opanda mawu. Ndinakamaliza kusita malaya aja ndikupemphera chamumtima. Sindinapemphe kuti mavidiyo abwerere. Ndinapempha kuti bambo ndi mwana wawo asatayane.

Galimoto inafika masana. Bambo analowa atavala magalasi akuda, akukana kugwiridwa dzanja. Anaima nkuyang'ana khoma nthawi yaitali.

"Kani nyumbayi ndi yachikasu? Ndani anasankha utoto umenewu?"

"Munasankha ndinu, bambo," alamu anayankha.

"Ndinali wakhungu, inu munali kuti?"

Tinaseka, kupatula amuna anga. Bambo anakhala pampando wawo, anasisita sipika, anaona kapepala kofiira kaja nkugwedeza mutu. "Wagwira ntchito, Injiniya. Ngakhale chingwe chimodzi pansi palibe."

"Muli nyimbo za dziko lonse umu, bambo. Makwaya ambirimbiri. Mungonena yomwe mukufuna."

"Za dziko lonse ndizitani ine? Ndiikire mayi mmodzi uja woyamba kuimba anzake asanayambe." Anavula magalasi, anawapukuta pa malaya, nkuwaika pamwendo. "Tiye. Ndiwaone ngati anakalamba."

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Amuna anga anaika rimoti patebulo pang'onopang'ono, anazimitsa TV pakhoma, nkugwada pafupi ndi mapazi a bambo awo.

"Bambo, amayi mulibe umu. Ndawafufuta ndine m'mawa uno, ndi dzanja langali. Ndikhululukireni, bambo. Chonde ndikhululukireni."