Nthiti za a Yakobe

Bernadeta anali pakati poyeza BP ya wodwala pamene chitseko cha chipinda chake chinatseguka mwamphamvu. Analowa mayi wopanda nsapato, duku lili m'manja, akupumira m'mwamba.

"Anesi, amuna anga awagwira! Akuti apha munthu!"

Anali Phoebe, mkazi wa a Kalisto, mnzake wa mumphakati kuparishi yawo ku Bangwe. A Kalistowo ankakonza mawailesi pamsika, munthu wofatsa amene ngakhale nkhuku ankachita kupempha mnzake kuti amuphere.

"Apha munthu? A Kalisto omwe ndikuwadziwa inewa?"

"Ndi makina anu aja, anesi. A Yakobe amwalira."

Bernadeta anaika pansi chipangizo choyezera chija.

Makinawo ankawadziwa bwino. Mwezi wapitawo iye anazindikira kuti mapointi ake a chaka chimenecho anali operewera. Namwino aliyense ankayenera kusonkhanitsa mapointi osonyeza kuti akupitiriza kuphunzira, apo ayi layisensi yake siikanakonzedwanso. Atamva kuti wophunzitsa anzake amapatsidwanso mapointi, anakumbukira kuti mu ofesi ya parishi munali kabokosi kachikasu kamene mlendo wina wochokera kunja anasiya, makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi ukasokonezeka. Palibe ankadziwa kuwagwiritsa ntchito. Choncho Loweruka lina anabwereka chidole chophunzitsira, nasonkhanitsa akhristu muholo. Anawaonetsa kudinikiza pachifuwa, kupumira munthu mpweya m'kamwa, ndi kumata timapepala ta makinawo. Anachita mothamanga chifukwa masana ake anali ndi chinkhoswe ku Machinjiri. Anthu anaseka, anaomba m'manja, iye mapointi ake n'kukwana.

"Zachitika bwanji?" anafunsa Bernadeta, atatulutsa wodwala uja.

Phoebe anafotokoza modukizadukiza. M'mawa umenewo abambo a parishi ankanyamula mabenchi kukonzekera ukwati. A Yakobe, mkulu wa kwaya wochokera ku Nsanje, anangoti benchi pansi, iwonso khu! Anthu anayamba kuwakupiza, ena kuwathira madzi. A Kalisto okha ndi amene anagwada n'kuyamba kudinikiza pachifuwa, natuma munthu kukatenga makina. Makinawo anayankhula Chingerezi, a Kalisto anadina batani, thupi la a Yakobe n'kudumpha anthu onse akuona. Anawanyamula pa galimoto ya abambo mfumu, koma kuchipatala anangoti afika atatha kale.

"Ndiye mwana wawo Ramsey atamva, wabwera ndi anzake. Akuti amuna anga amasewera ndi magetsi kumsika, lero asewera pa bambo ake. Awamenya, anesi! Chikhala apolisi sanafike msanga, bwenzi pano maliro ali awiri."

A Chrispin, dokotala wa pakiliniki yapulaiveti imene Bernadeta ankagwirapo ntchito, anali ataima pakhomo akumva zonse. Anamukokera Bernadeta pambali.

"Sisi, ndikukuonani mukufuna kuvula yunifolomu muzipita. Khalani pansi. Anthu olira saona nkhope. Akangomva kuti mphunzitsi wake ndinu, miyala ija itembenukira kwa inu, kenako kumawindo athuwa."

"Ndiye ndimusiye munthu m'chitokosi?"

"Apolisi afufuza okha. Inu munaphunzitsa, zanu zinathera pomwepo. Kodi woyendetsa minibasi akagunda munthu amamanga wa sukulu yoyendetsa galimoto?"

"Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, adokotala," anatero Bernadeta akutenga chikwama chake. "Odwala otsalawa muwaone ndinu."

Kupolisi anawalola kulowa atamva kuti mmodzi ndi namwino. A Kalisto anali atakhala pansi m'kachipinda, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka, malaya ong'ambika paphewa. Phoebe atawaona anagwira pakamwa. Koma a Kalisto sanayang'ane mkazi wawo. Anayang'ana Bernadeta.

"Anesi, musavutike kundiikira kumbuyo. Ndapha munthu ine."

"Mukuti chiyani, a Kalisto?"

"Ndinaimva ndi manja angawa. Nditadinikiza kachitatu kapena kachinayi, nthiti inati thyo! Kenako ina. Pachidole chanu chija sizinkamveka choncho. Ndinadziwa kuti ndalakwitsa, koma ndinaopa kusiya. Ndiye inu munati tikachita bwino munthu amadzuka. Sanadzuke. Ndawauza kale abwanawa kuti alembe, ndine ndawapha a Yakobe."

Bernadeta anakumbukira Loweruka lija. Mawu aja anali akedi. Anawanena akuyang'ana wotchi, anthu akuseka mmene chidole chinkagwedezekera: mukachita chonchi, munthu amadzuka. Za nthiti sanatchule n'komwe. Sananenenso kuti ngakhale m'chipatala momwe, madokotala atazungulira bedi ndi zipangizo zonse, ambiri mwa anthu otere sabwerera. Ankati akanena zimenezo anthu achita mantha, mafunso achuluka, chinkhoswe chimupita.

Anagwada pamaso pa a Kalisto osasamala za yunifolomu yake yoyera.

"Tamverani, achimwene. Nthiti zimathyoka. Ineyo ndathyolapo nthiti za anthu, osati kamodzi. Munthu wamkulu ngati a Yakobe ukamadinikiza mofika pamtima, nthiti zimalephera kupirira. Mukanadinikiza monyengerera, bwenzi mukungowasisita."

A Kalisto anamuyang'ana ndi diso lawo limodzi lija.

"Nanga magetsi?"

"Makina aja amayamba amvetsera mtima. Mtima ukamagunda bwino amakana, ngakhale mudine batani mpaka chala kupweteka. Ngati analola, ndiye kuti mtima wa a Yakobe unali utasiya kale kupopa magazi musanawakhudze."

"Ndiye bwanji simunatiuze?"

Funsolo silinali laukali. Analifunsa ngati mmene munthu amafunsira njira. Bernadeta anasowa poyang'ana.

"Ndinkafulumira," anatero.

Wapolisi amene ankamvetsera anati mawu a namwinoyo awalemba, ndipo chipatala chidzanena chimene chapha malemu. Koma anawonjeza kuti a Kalisto sangawatulutse tsiku limenelo. "Sitikuwasunga chifukwa cha mlandu wokha ayi, mayi. Kunjaku anyamata aja akuti akawaona awotcha. Pokhapokha akubanja ataziziritsa mitima."

Atatuluka, Bernadeta anauza Phoebe kuti akupita kusiwa.

"Mwapenga, anesi? Akakuphani!"

"Inu mukaime kunja kwa mpanda. Mukamva phokoso muthawe."

Nyumba ya a Yakobe inali kumtunda, kuseri kwa chigayo. Masamba anali ataikidwa kale pamsewu. Abambo anakhala pamabenchi panja, amayi akuimba m'nyumba ndi mawu otopa. Bernadeta atangolowa pageti, nkhani zonse zinazima. Yunifolomu inamuulula.

Mnyamata wamtali wa maso ofiira anadzuka. Anali Ramsey, mwana woyamba wa malemu, amene ankagwira ntchito yolondera ku Limbe. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula kabokosi kachikasu kaja. Anakaponya pamapazi pa Bernadeta. Kanali kophwanyika pakati, mawaya ali panja.

"Mwabwera kudzatenga katundu wanu? Nayu. Mukaphere ena."

Anthu ena anadzuka. Bernadeta anamva wina kumbuyo kwake akuti, "Ndi yemweyu anabweretsa zimenezi."

"Ndabwera kudzapepesa maliro," anatero. "Ndabweranso kudzanena kuti amene anaphunzitsa a Kalisto ndine. Zonse zimene anachita pa bambo anu ndi zimene ndinawauza. Ngati pali mlandu, uyambire pa ine."

"Mwamva?" anakuwa Ramsey akutembenukira kwa anthu. "Akuvomera yekha! Bambo anga anachoka pano akuyenda, atamwa tiyi, akuimba. Ndakawaona kumotchale ine. Pachifuwa pali bii, nthiti zili wedewede. Munthu wokomoka amamuthyola mafupa? Amamuwotcha ndi magetsi ngati nkhuku ya pamakina?"

A Onesimo, mkulu wake wa malemu, anagogoda ndodo yawo pansi. "Ramsey, pamaliro sagamula mlandu ndi zibakera. Mayiyu wabwera yekha, wopanda womuperekeza. Msiye alowe akaonane ndi mayi ako."

M'nyumba munali mdima ndi fungo la thukuta. Mayi Anastasia, mkazi wa malemu, anali atakhala pamphasa pakona, atatsamira khoma, amayi awiri atawagwirira. Nyimbo inaleka. Bernadeta anagwada patali pang'ono. Ramsey anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

Bernadeta anafotokoza zonse monga anauzira a Kalisto, za mtima, za nthiti, za makina okana munthu wamoyo wabwino. Sanabise kuti tsiku lophunzitsa anasiya kunena zimenezi, ndi kuti n'chifukwa chake anthu onse amene anaona anadzidzimuka, ngakhale a Kalisto eni ake.

"Pano ali kupolisi, diso lotupa, akuuza apolisi kuti alembe kuti ndi wakupha. Pa anthu onse amene anali pamenepo, ndi iwo okha amene anagwada pansi kulimbana ndi imfa ya bambo."

"Bodza!" anatero Ramsey. "Mukungotetezana."

Mayi Anastasia anakweza dzanja.

"Iwe namwino, sendera kuno."

Bernadeta anasendera mpaka mawondo ake kukhudza mphasa.

"Za makina ine sindizidziwa. Undiuze chimodzi chokha, ndipo usandinamize, Mulungu akukuona. Pamene nthitizo zinkathyoka, amuna anga ankamva kuwawa?"

"Ayi, amayi. Mtima ukaima, munthu samvanso kanthu. Pamene ankagwa paja n'kuti atachoka kale. A Kalisto ankayesa kuwabweza."

Mayiwo anatseka maso. Misozi inatsika mwakachetechete mpaka kugwera pachitenje.

"Kuyambira m'mawa chimene chimandidya n'chimenecho," anatero. "Ndimati anafa akukuwa mumtima, anthu atawakhalira pachifuwa." Anapuma kaye. "Ramsey, bambo ako chifuwa chinayamba kuwathina Pasaka isanafike. Akakwera chitunda ichi ankaima kawiri, atagwira apa. Ndinawauza za kuchipatala, anati ndi mpweya wa nyemba. Anandiletsa kukuuzani anawo."

Ramsey anatsitsa manja. "Amayi, mukuti chiyani?"

"Ndikuti wamenya munthu amene anachita zimene iwe ukanalakalaka utachita, ukanakhalapo."

Ramsey anayang'ana manja ake, zala zotupa ndi zibakera za m'mawa uja, kenako anatembenuka n'kutuluka. Anthu anamva geti likumenyetsedwa.

A Onesimo, amene anali atamva zonse ali pakhonde, anasuzumira. "Alamu, ndiye titani?"

"Pitani kupolisi, alamu. Mukawauze kuti banja lino lilibe mlandu ndi munthu ameneyo. Anyamata ali panjawo muwauze ndinu." Kenako anatembenukira kwa Bernadeta. "Mkazi wake ali kuti?"

"Ali kunja kwa mpanda, amayi. Akuopa kulowa."

"Kamutenge."

Bernadeta anadzuka. Panja anadutsa pakati pa abambo aja, palibe anamuyang'ana kumaso. Anamupeza Phoebe atabisala kuseri kwa chigayo, ndipo anachita kumukoka dzanja kuti ayende. Atalowa m'nyumba, Phoebe anagwa pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira.

Mayi Anastasia anasuntha pang'ono pamphasa paja, nasiya malo pambali pawo.

"Bwera ukhale apa, mwanawe," anatero. "Tilirire limodzi."