Kugona kwa Rabeka

Koleji yathu ili kumapeto kwa Chegutu, kumene phula amathera n'kuyamba fumbi. Ndi kakoleji kakang'ono kophunzitsa kusoka, ulimi ndi kuwotcherera zitsulo. Pachikwangwani cha pageti analembapo kuti wophunzira aliyense ali ndi malo ogona. Sananame kwenikweni, kungoti sananene kuti malowo ali pati.

Nyumba zogona atsikana zinali ziwiri. Chaka chimene ine ndinayamba, mkulu wa koleji, a Fredrick, anapita kumsonkhano ku Harare n'kubwerako ndi nzeru yoti sukulu zamakono zimadzidalira. Nzeruyo inafika pa lole, ikulira kuti tswii tswii. Nyumba imodzi anaitulutsa mabedi, anathiramo utuchi, anapiye n'kulowa. Kuyambira pamenepo nkhuku zinali ndi magetsi osazima, madzi osaduka ndi mlonda wazo. Ife anthu tikafuna kutchaja foni tinkapita kukapempha kwa nkhuku.

Ine ndine Mwaiwawo, wa ku Turf, katauni ka pamgodi. Bedi ndinalipeza chifukwa ndinafika msanga ndipo ndili ndi zigongono zakuthwa. Mnzanga Rabeka, wa ku Kadoma, anafika mabedi atatha. Tinadziwana pamzere wa sadza, nsima ya kuno, atandiponda phazi n'kunena kuti "pepani". Ku Chegutu munthu sanena mawu amenewo mwangozi. Ndinamuyang'ana, iyenso anandiyang'ana, ndipo tonse tinadziwa kuti agogo athu anachokera kumodzi, ku Nyasalandi, kudzakumba miyala ya eni ake.

Poyamba tinkagona bedi limodzi, wina mutu uku wina mutu uko. Kenako metroni, mayi Tanyaradzwa, anatigwira. Anatiuza kuti anthu awiri pabedi limodzi ndi kuphwanya malamulo a zaumoyo, ndipo akadzatipezanso tonse tidzauona msewu. Ankanena zimenezi fungo la zitosi likulowa pawindo.

Rabeka anapita ku ofesi yoona za ophunzira. Kumeneko kunali mpando, kalendala ya chaka chatha ndi bambo wina amene ntchito yake inali kunena kuti nkhaniyo akuiyang'ana. Anaiyang'ana nkhaniyo mpaka mvula inagwa n'kukata. Mwayi wake Rabeka unali m'manja: kusoka ankakutha kuposa tonsefe, moti mphunzitsi anamupatsa kiyi wa chipinda chosokera kuti azitsegula m'mawa. Basi anasamukira mmenemo, pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, pamatumba a zidutswa. Kukacha ankapinda bulangeti lake lotuwa la mzere wofiira n'kulibisa m'kabati ya ulusi. Sanali yekha pamavutowa. Ena ankagona mulaibulale, kumene kunalibe mabuku okwanira kusokoneza munthu.

Chimene chinkamudya mtima si kuzizira ayi, koma bambo ake. A Obadiya anagwira ntchito mumgodi wa golide mpaka msana unapindika, ndipo mwana wamkazi kupita ku koleji sanakufune. Anavomera mayi ake atalira, koma anaika mfundo imodzi: mwanayo azigona m'nyumba ya atsikana, pabedi, metroni ali pakhomo. Tauni yadzaza makorokoza, anyamata okumba golide amene amagula mtsikana ndi nkhuku yokazinga ndi foni. Akadzangomva kuti Rabeka alibe bedi, adzabwera kudzamutenga, ndipo za sukulu zidzathera pomwepo. A Obadiya sanali munthu wonena chinthu kawiri.

Apa ndi pamene chinenero chinamuthandiza mnzangayo. Kwathu makolo amatilankhula Chichewa ife n'kumayankha Chishona, ndipo palibe amaona chachilendo. Tsono mawu oti kugona m'Chishona satanthauza tulo. Amatanthauza kuchita bwino, kukhoza, kukhala katswiri. Lamulungu lililonse masana bambo ake ankaimba foni.

"Rabeka, ukugona bwino kumeneko?"

"Ndiri kugona, baba," iye ankayankha m'Chishona, nkhope ili gwa. "Ndiri kugona chaizvo," kutanthauza kuti akukhoza kwambiri.

Akadula foni, Rabeka ankandiyang'ana ngati ine ndine m'busa. "Sindinaname. Mayeso onse ndakhoza."

"Inde sunaname," ndinkamuuza. "Iwe ndi chikwangwani cha pageti muli pa ubale."

Zinayenda choncho mpaka koleji inalengeza tsiku la makolo. Tsiku lomwelo kunkabweranso alendo a bungwe lina lothandiza, amene a Fredrick ankayembekezera kuti agula anapiye ena. Sabata yonse tinasiya maphunziro n'kumapaka laimu miyala. Mwala uliwonse wa pakolejipo unayera, ngakhale umene unali kuseri kwa chimbudzi chosagwira ntchito. Madzi anabwera m'mipopi, ndipo ena mwa ife anaima n'kumangowaonerera.

A Obadiya anatsika kombi, minibasi ya ku Kadoma, atavala jekete lakuda la kutchalitchi, dzuwa likuswa mtengo. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda pang'onopang'ono ngati akuyesa ngati nthaka ili yolimba. Rabeka anagwada powapatsa moni, inenso ndinagwada. Atamva dzina langa nkhope yawo inamasuka.

"Mwaiwawo. Ndiwe wathu iwe. Bambo ako abwera?"

"Anatisiya, ababa. Amayi ali kuntchito, sanawalole."

Anagwedeza mutu.

A Fredrick anali pakhonde la ofesi, akugwira chanza kholo lililonse ndi manja awiri uku maso ali kugeti kumene alendo enieni ankayenera kutulukira. Atamva kalankhulidwe ka a Obadiya anasangalala ngati apeza chidole.

"Aa, achimwene! Muli bwanji, achimwene?" Chichewa chawo chonse chinathera pomwepo. Anthu a kuno amaganiza kuti akatero atilemekeza, ngakhale munthuyo ali msinkhu wa bambo awo.

"Ndili bwino, bwana," anatero a Obadiya. "Funso langa ndi limodzi. Mwana wangayu amagona kuno?"

"Rabeka? Anogona!" anatero a Fredrick m'Chishona, akutambasula manja. Anapitiriza kumutamanda kuti m'kalasi anogona, pamakina anogona, paliponse pamene mungamuike mwanayu anogona. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa kwa nthawi yoyamba mkulu wa koleji ankanena zoona m'zinenero ziwiri nthawi imodzi.

A Obadiya Chishona amachidziwa kuposa mmene a Fredrick amadziwira ophunzira awo. Anamva kuti akuyamikiridwa mwana, ndipo ndinaona kuti zawakomera, ngakhale anabisa. Koma anamvanso kuti funso lawo silinayankhidwe. Anati akufuna kuona bedi. A Fredrick anati bedi silithawa, ayambe aona ntchito za manja a mwana wawo.

Tinalowa m'chipinda chosokera pamodzi ndi makolo ena. Madiresi a Rabeka anali atapachikidwa kutsogolo, ndipo amayi ankatembenuza mipendero kufuna pamene msoko wakhota, osapapeza. A Obadiya anagwira kolala ya shati imodzi ndi zala zawo zokhakhala, mosamala ngati ingasweke. Rabeka anali chilili pafupi ndi kabati ya ulusi, atatsamira chitseko. Kenako mphunzitsi, pofuna kuonetsa makolo kuti zipangizo zilipo zambiri, anamukankhira pambali n'kutsegula kabatiyo. Ulusi unalimo wochepa. Chimene chinagwa pansi ndi bulangeti.

A Obadiya analitola. Analidziwa, chifukwa linali lawo la kumgodi, ndipo anachita kulichotsa pabedi pawo tsiku limene mwanayo ankanyamuka. Anayang'ana bulangetilo, anayang'ana pansi pa tebulo pamene matumba a zidutswa anali ataphwatalala motsatira thupi la munthu. Sanakweze mawu.

"Rabeka, ndikufunsa m'Chichewa. Undiyankhe m'Chichewa. Umagona kuti?"

Mnzangayo anatsegula pakamwa, Chishona chinabwera, anachimeza. Chichewa chake n'chopunduka ngati changa chapakamwa, koma tsiku limenelo chinayenda.

"Pansi pa tebulo apo, ababa."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

"Kalongedze katundu wako."

Rabeka anagwada pasimenti, anthu onse akuona. Sanalire mokweza, misozi inkangotsika. "Ababa, ndatsala pang'ono kumaliza. Mukanditenga lero ndiye kuti ndagona pansi pachabe."

Mtima wanga unawawa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti akakwera kombi imeneyo sabwereranso. A Obadiya anaima nthawi yaitali, bulangeti lili m'manja, maso ali pa shati ija. Kenako anatembenuka n'kutuluka, osalowera kugeti koma ku ofesi. Tinawatsatira.

Ofesi ya a Fredrick ndi chipinda chokhacho pakoleji chimene chili ndi kapeti. Tsiku limenelo anaikamo tebulo la alendo, nsalu yoyera, mbale zobwereka ndi nkhuku zingapo zokazinga zimene zinali zitamaliza maphunziro azo. A Obadiya analowa osagogoda. Anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pakhomo, anavula jekete n'kulipinda kukhala pilo, anayala bulangeti pakati pa kapeti, n'kugona chagada, manja pachifuwa.

A Fredrick anafika akuthamanga. "Achimwene, chii ichi?" Ankafunsa kuti chimenechi n'chiyani.

"Ndigona pano," anatero a Obadiya, maso ali kudenga. Pofuna kuti pasakhalenso kusamvana anabwereza m'Chishona kuti arara pompo, poti kurara ndiko kugona tulo, ndipo anamaliza ndi Chilapalapa, chinenero chimene akapitawo ankawakalipira nacho mumgodi: "Mina lala lapa. Mwana wanga akapeza bedi, ine ndidzuka. Akapanda kulipeza, ndimutenga, koma ndiyamba ndawafotokozera alendo anuwo chifukwa chake."

A Fredrick anayesa kuwanyengerera. Anawalonjeza kuti nkhaniyo aiyang'ana, ndipo anaitanitsa bambo woyang'ana nkhani uja kuti adzaiyang'ane pamaso pawo. A Obadiya anatseka maso. Mlonda wa nkhuku anaitanidwa kuti awanyamule, koma atangoona mapewa aja ananena kuti iye anamulemba ntchito ya nkhuku. Nthawi yomweyo kugeti kunamveka hutala, galimoto yoyera ya alendo ikulowa pakati pa miyala yathu ya laimu. A Fredrick thukuta linali kamukamu. Anakokera metroni pakona, ananong'onezana, metroni n'kutuluka mothamanga.

Sindibisa, ndinasangalala. Ndinamutsina Rabeka pamkono. Ndinkaganiza kuti lero nkhuku zisamuka, ndipo ndinayamba kale kuwerengera m'mutu atsikana a mulaibulale amene apeze pogona chifukwa cha mdala mmodzi wa ku Kadoma.

Metroni anabwerera akupumira m'mwamba. "Bedi lapezeka."

Chinthu chimene chinakanika miyezi yonseyi chinatheka alendo asanatseke zitseko za galimoto. A Obadiya anadzuka, anapinda bulangeti, anavala nsapato mosafulumira. Anati akufuna akaone mwana wawo atakhalapo pabedipo. Tinanyamuka, metroni patsogolo. Tinadutsa nyumba ya nkhuku osaima. Nkhukuzo zinali phee, zikudya. Tinalowa m'nyumba yathu, tinadutsa chitseko choyamba, chachiwiri, ndipo ndinaona kuti njira imeneyi ndinkaidziwa bwino.

Metroni anatsegula chipinda chathu n'kuloza bedi la pawindo. Linali langa. Zofunda anali atazichotsa kale, chikwama changa atachikankhira kuseri kwa chitseko, nsapato zanga zili pamwamba. Pambuyo pake ndinamva mmene anasankhira. A Fredrick anangomufunsa funso limodzi pakona paja: mwa atsikana a mabedi, ndani amene kholo lake silinabwere lero?

Rabeka anaima pakhomo ngati wamenyedwa. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akufuna kunena. Akanangonena, bambo ake sakanalola kulanda bedi la mwana wa mnzawo, ndipo madzulo omwewo akanakhala ali m'kombi ya ku Kadoma.

"Bedi ili linalibe mwini?" anafunsa a Obadiya. Sanafunse metroni. Anafunsa ine, chifukwa ndine wawo.

Ndinakwiya mpaka m'makutu munalira. Ndinakwiyira metroni, a Fredrick, nkhuku, ngakhale Rabeka amene sanalakwe chilichonse. Koma ndinayankha m'Chichewa chomveka bwino.

"Mwini wake anasamuka, ababa. Khala, Rabeka."

Anakhala pamphepete penipeni, ngati bedilo likutentha. Bambo ake anayala bulangeti lija ndi manja awo, analisalaza m'makona, anayesa ngati windo limatsekeka. Potuluka anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndiziyang'anira mnzangayu, ndipo ndikadzapita ku Kadoma ndisadzalephere kufika pakhomo. Metroni anadikira kuti atalikire, kenako anatikumbutsa mwaulemu kuti lamulo la anthu awiri pabedi limodzi silinasinthe.

Alendo anadya nkhuku, anajambula miyala, ndipo tinamva kuti anachita chidwi kwambiri. Rabeka ataperekeza bambo ake anandipeza ndikumanga chikwama. Anatulutsa kiyi wa chipinda chosokera m'thumba, anandipatsa osandiyang'ana kumaso, n'kundiuza kuti mbali ya kukhoma ndiyo yosazizira kwambiri.

Sukulu amaliza mnzangayo, ndipo zimenezo zimandikondweretsa ndithu. Ndinanyamula chikwama changa kudutsa pakhonde la ofesi. Chitseko chinali chotsegula, akusesa mafupa pa kapeti. Ndinaima pang'ono n'kuyang'ana malo amene a Obadiya anagona. Ndi kapeti yabwino, yofewa, yokwana munthu wamkulu bwinobwino. Kungoti bambo anga ine anagona kale ku manda a ku Turf, ndipo palibe amene angawadzutse kuti adzagone pano.