Kapepala M'thumba la Bwana Clifton

Pa kampani ya maloya imene ndimayendetsako galimoto, m'tauni mwa Blantyre muno, ola amalidula ngati chinangwa cha pamsika: zidutswa khumi, chilichonse mphindi zisanu ndi imodzi. Loya wamng'ono aliyense ali ndi pepala lake, amati taimushiti, ndipo chidutswa chilichonse ayenera kulemba kuti wachigwirira kasitomala uti. Kupita kuchimbudzi sikulembedwa. Kudya sikulembedwa. Kupatsa moni dalaivala ndiye musanene n'komwe. Munthu amalowa 7 koloko m'mawa n'kutuluka dzuwa litalowa kale, koma papepala n'kupezeka maola asanu ndi awiri okha. Mwezi ukamatha amafuna maola 160. Ukaperewera kawiri amakuitanira kuchipinda cha pakona, n'kukufunsa mwaulemu ngati uloyawu ukuukondadi.

Ine ndine Kalimu. Ndanyamula maloya zaka 19, moti ndimadziwa amene sanadye pongomva mmene watsekera chitseko.

Mmodzi wa maloya aang'onowo ndi Zakir, mwana wa Che Jafali a ku Mpingwe, mnzanga amene tinkayendetsa naye malole kalekale. Mwezi umenewo Zakir anali ataperewera maola 38 chifukwa chothamanga ndi bambo ake kuchipatala. Bwana Clifton, mmodzi wa eni kampani, munthu woti asanaseke amayamba wayang'ana wotchi, anamuitana.

"Ndikuthandiza," anatero. "Lachitatu ulowe nane mitingi ya a Mahendra a fakitale ya ku Limbe. Tsiku lonse. Ulemba maola asanu ndi anayi kamodzi n'kamodzi."

Zakir anathokoza ngati apatsidwa puloti. Lamulo la mitingi zoterezi n'lakuti mafoni onse amazimitsidwa n'kusiyidwa kwa Angella wa pa risepushoni.

Lachitatulo ine ananditumiza ndi mapepala ku khoti, kenako ku Kanjedza, kenako ku khoti konkuja chifukwa wina anaiwala kusaina. Ndinabwerera nthawi itangopitirira 3 koloko. Angella anandikodola.

"Che Kalimu, inu si Msilamu? Maliro a kwanu amakhala masiku angati?"

"Masiku? Mayi, ife timawerenga maola kuposa mabwana anuwa. Wamwalira ndani?"

"Bambo ake a Zakir. M'mawa."

Ndinagwira tebulo. Angella anafotokoza mothamanga: amalume ake a Zakir, Che Twaibu, anaimba isanakwane 10 koloko. Iye analemba kapepala n'kulowa nako pamodzi ndi tiyi. Poti zonse zolowa m'chipindamo zimayamba zafika kwa bwana, anapatsa a Clifton. Iwo anawerenga, anakapinda, n'kukaika m'thumba la jekete. Anamunong'oneza kuti maliro sathawa, akhala mawa kapena mkuja, ndipo mnyamatayo amupatsa masiku awiri athunthu akamaliza.

"Aimbanso kasanu ndi kawiri," anatero Angella, misozi ili m'maso. "Akuti aika ikangotha swala ya asiri. Ndinalowanso kawiri, anandikupiza ndi dzanja ngati ntchentche."

Swala ya asiri ndi pemphero la m'ma hafu pasiti 3. Kwathu munthu akamwalira m'mawa amagona m'manda tsiku lomwelo, ndipo amene amatsikira m'dzenje kukamulandira ndi kumugoneka ndi mwana wake wamwamuna. Che Jafali mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekha, ndipo anali kuseri kwa chitseko chija akulemba manotsi.

Sindinagogode.

M'chipindamo munali anthu asanu ndi awiri, mapepala mbwee patebulo, ndi mbale ya masamusa imene palibe anaikhudza. A Clifton anakweza nsidze.

"Kalimu, tili pa mitingi."

"Ndaona, bwana, si ukwati. Tulutsani kapepala kali m'thumbamo."

"Tuluka. Tikambirana 5 koloko."

"5 koloko mukakambirana ndi dothi." Ndinatembenukira kwa Zakir. Ndinafuna kuyamba mofatsa monga zimayenera, koma nthawi yofatsa inali itadyedwa kale ndi jekete lija. "Mwana wanga, dzuka. Bambo ako atisiya m'mawa. Akuika tsopano lino."

Chimene anachita mwana uja sindidzachiiwala, ndipo sindimuimba mlandu. Anayang'ana wotchi, n'kulemba nthawi papepala lake. Dzanja linachita lokha, monga mwendo wanga umapondera buleki ndili m'tulo. Kenako anayang'ana a Clifton.

"Bwana... ndingapite?"

Digiri yonse ija, tayi yonse ija, munthu n'kumapempha chilolezo chokaika bambo ake!

"Zakir, pepa kwambiri," anatero a Clifton, mawu ali osalala ngati sopo. "Sindinafune kukusokoneza. Ndimati timalize tsamba lomalizali, mphindi makumi awiri zokha, kenako kampani itumiza nkhata, ndipo mawa tonse..."

"Mawa kukatani?" Amene anafunsa ndi a Mahendra, kasitomala mwiniwake, nkhalamba ya ndodo. "Clifton, wabadwira Blantyre yomwe ino iwe? Asilamu saika mawa. Ine ndine Mhindu koma ndikudziwa, madalaivala anga theka ndi Asilamu. Uthenga unabwera nthawi yanji?"

A Clifton anayang'ana wotchi.

"Isanakwane 10," ndinawayankhira, poti ndine munthu wothandiza.

"Ndiye kuyambira m'mawa ndakhala ndikulipira maola a mwana wamasiye, iye osadziwa?" A Mahendra anamenya ndodo pansi. "Pita, mwana iwe! Ukuyang'ananso chiyani?"

Ndinamukoka Zakir pamkono. Tili pakhomo, a Clifton anapezanso mawu.

"Kalimu, galimotoyo ndi ya kampani. Ine 5 koloko ndikufunika ku Soche."

"Minibasi za ku Soche zilipo zambiri, bwana. Mukakhale pawindo, kuti muziona bwino nthawi ikudutsa."

Tinatsika masitepe, lifiti sitinaidikire. Angella anatithamangira ndi foni ya Zakir. Ataiyatsa m'galimoto inalira ngati nkhuku yogwidwa mwendo: mauthenga, mauthenga, mauthenga. Anaimbira Che Twaibu, osayankha. Anaimbira mlongo wake Tasnim, amene anangoti, "Achimwene, anyamuka kale," n'kudula.

Amene amati Blantyre ndi tauni yaing'ono sanayendepo pa Chipembere Haiwe ali ndi maliro. Pa Ginnery Corner mzere. Pa Chichiri mzere. Ku Maselema lole ya simenti inali itafa pakati pa msewu, dalaivala wake atakhala pamthunzi akudya chimanga chootcha. Ndinakwera m'mbali mwa msewu, ndinaimba hutala, ndinatukwana anthu amene makolo awo sindiwadziwa n'komwe.

Tili ku Limbe Zakir anati, "Dzulo bambo anandiuza kuti ndikhale nawo pang'ono. Ndinati ndibwera Loweruka."

"Usayambe zimenezo."

"Ndinawauza kuti ndikakwanitsa maola a mwezi uno ndipuma."

"Ndati usayambe! Amene wakubera lero ali ndi dzina, ndipo wavala jekete la buluu. Vula tayiyo, sukupita ku khoti."

Anavula.

Tinafika ku manda a ku Mpingwe 4 koloko itadutsa. Ndisanazimitse injini ndinaona jeneza, chonyamulira maliro chija, anthu anayi akutuluka nacho pachipata. Ankachinyamula ndi dzanja limodzilimodzi. Chinali chopepuka.

Anthu ankabalalika, ena akukutumula dothi m'makofia, zipewa zawo zija. Ataona Zakir anapatuka. Amuna a ku Mpingwe akafuna kukulanga satukwana, amangokupatsa njira. Tinadutsa pakati pawo mpaka pa mulu wa dothi lofiira, lonyowa ndi madzi amene anali atangothirapo. Che Twaibu anali ataima pomwepo, mkanjo uli matope mpaka m'mawondo.

"Amalume," anatero Zakir.

"Tinachedwetsa swala," anayankha Che Twaibu, osamuyang'ana. "Shehe anadikira mpaka anthu anayamba kung'ung'udza. Ndinaimba kasanu ndi katatu. Anandiuza kuti uli pa mitingi."

"Sanandiuze, amalume. Ndikulumbira, sanandiuze."

"Che Twaibu, mwanayu akunena zoona," ndinalowererapo. "Uthenga unagona m'thumba la bwana wake."

"Ndiye ntchito yanji imeneyo, Che Kalimu, yoti imfa ya bambo ako iyambe yapempha kulowa?"



Zakir anayang'ana mulu uja. "Anatsikira m'dzenje ndani?"

"Ine. Ndi Chester, uja amachita lendi kuseri kwa nyumba yanu. Mkhristu, mwana wa eni ake. Anaona kuti ndili ndekha ndipo msana wanga ukuudziwa, anavula nsapato n'kutsika. Shehe anangoyang'ana kumbali."

Zakir anagwada pamatope ndi buluku lake la suti. Anatambasula dzanja kuti agwire mulu uja, koma analiimitsa m'malere, akuyang'ana uku ndi uku. Sankadziwa mbali imene bambo ake agonekedwera.

Che Twaibu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama movutikira, namugwira dzanja lija, n'kuliika pa dothi chakumanja.

"Mutu uli uku," anatero.