Masamba a m'chitini cha alamu

Chiyambire kudwala mtima, apongozi aamuna a Make Mapasa analetsedwa zambiri: mchere, zamafuta, ngakhale kukwera masitepe mofulumira. Tiyi yekha ndiye adokotala anawasiyira, komatu kapu imodzi patsiku, wosakolera. Wowakonzera anali Make Mapasa, poti amuna ake amalawirira kugalaja. Sinali ntchito yoti n'kudandaula nayo ayi. Kathumba kamodzi, kuviika m'madzi otentha, kuwerenga mpaka teni, kuvuula, basi.

Zinthu zinasokonekera tsiku limene kunabwera alamu ake, achemwali a amuna akewo, aja ogwira ntchito kubanki amene chilichonse amachidziwira pafoni. Atangoona kathumba m'kapu ya bambo awo anagwira pakamwa. Akuti m'timatumba amaikamo fumbi lotsalira kufakitale, akuti kapepala kake kali ndi pulasitiki yemwe amasungunukira m'madzi, akuti munthu wodwala sungamamumwetse zinyalala. M'mawa mwake anabweretsa chitini cha masamba enieni, ataliatali, opotana, n'kunyamula okha bokosi la timatumba kukaponya m'bini. Za muyeso sanatchuleko, ndipo Make Mapasa sanafunse. Mlamu wotere ukamufunsa, nkhani imakafika kwa abale onse kuti mchimwene wawo anakwatira mbuli.

Koma masambawo anali amakani. Ukawaviika n'kuwerenga mpaka teni, madzi ankangokhala mbuu. Ndiye Make Mapasa anayamba kutapa ndi dzanja ngati akutapa mpunga, n'kuwawiritsa m'poto mpaka madzi ade bii. Pajatu alamu anati masamba ndi abwino m'thupi, nanga chabwino chikachuluka chingapweteke bwanji? Madalawo anaukonda tiyiyo kwabasi. Kapu imodzi inasanduka ziwiri, kenako fulasiki yathunthu pambali pa mpando wawo. Ankati chipumireni pantchito sanamwepo tiyi waulemu chonchi, ndipo Make Mapasa ankamva kukoma, poti kuyamikiridwa pabanja la eni kumasowa.

Lachinayi lina m'mawa, mapasa aja atapita kusukulu, Make Mapasa anamva kapu ikusweka pabalaza. Anawapeza apongozi atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, milomo itatuwa. Mtsempha wa pakhosi unkadumpha mooneka ndi maso, kuthamanga, kuima, kuthamanganso. Anawaitana kawiri, iwo n'kumangomuyang'ana. Mantha amene anamugwira sanawamvepo, ngakhale tsiku lobereka ana awiri aja.

Aneba oyendetsa takisi ndi amene anawanyamula. Koma asanakwere nawo, Make Mapasa anachita chinthu chochititsa manyazi: anathamangira kukhitchini, n'kukhuthulira fulasiki m'sinki, n'kutsuka poto uja mpaka mbee.

Kuchipatala amuna ake anafika ndi ovolosi, manja ali girizi yekhayekha, ndipo alamu anabwera pambuyo akugogoda nsapato. Posakhalitsa kunatuluka nesi ndi pepala. Anati mtima wa madala ukugunda mosokonekera, ndipo adokotala asanasankhe mankhwala akufuna kudziwa chilichonse chimene chakhala chikulowa m'kamwa mwawo: kaya anadumphitsa mapiritsi, kaya amamwa zazitsamba, khofi, tiyi. Alamu anayankha msangamsanga kuti bambo awo amangomwa kapu imodzi, ya masamba abwino ogula iwo eni. Amuna ake anavomera ndi mutu. Nesi analemba, n'kutembenuka kuti azilowa.

Make Mapasa akanangotseka pakamwa, palibe akanadziwa kanthu, poto anali woyera kale. Koma ndiye kuti adokotala apereka mankhwala potsata bodza, ndipo munthu amene wagona m'chipindamo ndi yemwe amamuitana kuti mwana wanga. Kuyankhula nako kunali koopsa. Madalawo akangotsikira kulichete, dzina lake pabanjapo likhala la mkazi amene anapha apongozi ake.

"Anesi, tadikirani," anatero Make Mapasa. "Si kapu imodzi. Ndi fulasiki yodzadza tsiku lililonse, sabata ziwiri tsopano. Masamba ndimatapa dzanja lonse, n'kuwiritsa."

Nesi sanamukalipire. Anangofufuta zimene analemba zija, n'kulemba zina, kenako analowa chothamanga. Kuthamanga kwakeko ndiko kunamutha mphamvu Make Mapasa kuposa mawu alionse.

"Ine ndinati muziwapatsa masamba," anatero alamu motsitsa mawu, poti panali anthu. "Sindinati muziwaphikira ngati ndiwo."

Amuna a Make Mapasa anakhala pabenchi n'kumayang'ana manja awo.

Adokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati mtima wayamba kukhazikika koma sangalonjeze chilichonse mpaka papite masiku atatu, ndipo tiyi ndiye aiwaliretu, kaya wa m'kathumba kaya wa masamba. Alamu anapita panja kukaimbira abale.

Make Mapasa anaona kuti amuna ake milomo yawauma, chikhalireni m'mawa osalawa kanthu. Anapita pampopi wa m'khonde, n'kuwatungira madzi m'kapu yapulasitiki, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, bamboyu wakhala akulandira chilichonse chochokera m'manja mwa mkazi wake n'kumeza osayang'ana. Analandira kapuyo, naifikitsa pafupi ndi pakamwa, kenako anaima, n'kuyamba asuzumira kaye m'kapumo.