Amene Ankadyetsa Tumpe Mobisa

Tumpe, mwana wa zaka zitatu wa ku Tukuyu, anatha miyezi iwiri akukana chakudya. Mayi ake, a Subilaga, akapakula nthochi zophika ndi nyemba, iye ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina a Subilaga anatopa nazo. Anamupana m'miyendo n'kumutsina mphuno kuti ayasamule. Mwana anatsamwa, maso ali tong'o, mpweya osatuluka. Mwanayo atakhosomola n'kulavula, mayiwo anangokhala pansi.

M'mawa mwake anapita naye kusikelo. Anatsagana ndi amuna awo, a Gwakisa, oyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, komanso mlongo wa a Gwakisawo, a Tusekile, ogulitsa mandasi pakhomo pomwepo.

Namwino, Mayi Sanga, anamuyeza mwanayo n'kuyang'ana khadi.

"Sikelo yatsika, magazinso ndi ochepa. Amadya chiyani?"

"Sadya, anesi," anatero a Subilaga. "Tsiku lonse mwina masipuni awiri."

"Wa masipuni awiri sangadumphe chonchi. Iwe Tumpe, dzulo unadya chiyani?"

Tumpe anayamba kuwerenga ndi zala. "Tchipisi cha ababa. Chakumwa chotsekemera cha ababa. Mandasi a azakhali, atatu."

A Subilaga anadzuka pabenchi. "Bambo a Tumpe! Tchipisi?"

"Chisoni, mayi," anayankha a Gwakisa akukanda m'mutu. "Ndikamabwera kudzadya masana ndimamupatsira kuseri kwa nyumba. Ndimaganiza kuti ndimupulumutse ndine."

"Inenso ndimayesa ndili ndekha!" anafuula a Tusekile. "Achimwene, mumadandaula kuti mwana akuonda, chikhalirecho m'manja muli mafuta a tchipisi?"

"Ndi maswiti a amama," anawonjezera Tumpe. "Ndikalira."

A Subilaga anaphimba nkhope ndi chitenje. Kenako, ndi mawu otsika, anaulula zotsina mphuno zija.

"Mayi!" Namwino anaika cholembera pansi. "Chakudya chikalowera njira ya mpweya, mwana amafera m'manja mwanu. Musadzachitenso. Mimba ya Tumpe ndi yaing'ono ngati chibakera chake. Mukaidzaza ndi zonona, nyemba zilowa pati? Amakhuta, koma thupi silipeza zolimangira."

"Ndiye titani?" anafunsa a Gwakisa.

"Nthawi ya chakudya ikayandikira, asalandire kanthu kupatula madzi. Muzidya naye limodzi, koma akhale ndi kambale kake, mumuikire pang'ono. Akakana, chotsani mbale osakalipa, osamulonjeza switi. Mawa muyesenso, poti mwana amatha kukana chinthu kakhumi asanachizolowere. Pakati pa chakudya china ndi chinzake mupatseni kachidutswa ka peyala kapena mkaka. Mankhwala owonjezera magazi ndi awa. Akayamba kufooka, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi, mubwere naye msanga."

Masiku atatu oyamba anali owawa. Tumpe ankagubuduka pansi kulirira mandasi, ndipo a Tusekile anasamutsira beseni lawo kumsewu kuti mtima usawagonjetse. A Gwakisa ankafika chimanjamanja, n'kukhala pamkeka, n'kumadya masamba mokweza: "Eee, koma kukoma!" Tumpe ankangowayang'ana cham'mbali.

Tsiku lachisanu a Subilaga anamutuma kuti awathandize kusadzula nkhwani. Nthawi yodya itakwana, mwanayo analoza mbale.

"Iyi ndaphika ndine."

Anatapa kamodzi, n'kutapanso. Akulu atatu aja anayang'anana, pakamwa pali yasa. Atatha, Tumpe anakweza kambale kake. "Wonjezerani."

Patatha miyezi iwiri, Mayi Sanga anajambula pakhadi mzere wokwera, ndipo anapempha a Subilaga kuti afotokozere amayi anzawo omwe anali pamzere.

"Anzanga," anatero a Subilaga, "mwana wokana kudya sakakamizidwa, ndiponso sapatsidwa zonona mobisa. Gwirizanani pakhomo, mudye naye limodzi, mumulezere mtima. Njala ikamupeza, adzadya yekha."