Nkhope ya Chisomo Itandisowa

Munthu wofika ku koleji ngati ine saopa maloto. N'zoona ndinakhalako chaka chimodzi chokha, koma kufika ndinafika. Komabe Loweruka masana nditangoti nditsinzineko, nditaonera mafilimu achikondi a ku Korea amene chibwenzi changa Chisomo anandiikira m'foni, ndinadzuka ndikunjenjemera.

Ndinalota galimoto yoyera itandigunda, ine n'kuiwala zonse, monga amachitira anyamata a m'mafilimumo. Kenaka ndili pachinkhoswe changa. Kumwamba kukugwa zoyera zozizira zija za m'mafilimu, zikulowa m'kolala, zala zauma gwaa. Anatulutsa atsikana atatu ofunditsidwa zitenje kumutu, mwa mwambo wake, kuti ndiloze wanga.

"Lozatu mphwanga, anthu akudikira," anatero amalume.

Ndinavundukula woyamba, nkhope palibe, posalala ngati dzira. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anandigwira pamkono ndi dzanja lozizira, n'kuyamba kulankhula Chikoreya m'mawu a Chisomo. Ndinayang'ana pansi kufuna mawu omasulira aja olembedwa m'munsi mwa filimu, koma panali fumbi lokhalokha. Amayi ake a Chisomo anandikankhira envulopu yonenepa.

"Tenga, umusiye mwana wanga."

Ndiye dzanja langa, abale inu, linayamba kutambasuka lokha.

Kaya chinandiopsa n'kuiwalako, kaya ndi dzanjalo, sindikudziwa. Chinkhoswe chenicheni chili mwezi wamawa, choncho ndinathamanga kukatsukitsa chithunzi cha Chisomo, ndipo sichichoka m'thumba. Mwiniwake akuti chimenechi ndiye chikondi. Ine sindinatsutse. Zonsezi zandidyera K500.